Mng'alu wa mu Okutobala unayamba mu Febuluwale: katundu amene thabwa la m'piyano limasenza

Chaka chatha, kutatsala masabata ochepa kuti mvula igwe, tinasuntha piyano ya kutchalitchi kwathu kuichotsa kukhoma. Tinagwirizana anthu anayi, tonse thukuta lili kamukamu, poti kunali kutentha kwa mu Okutobala kuja kumene phiri la Ndirande limaoneka mwachizimezime chifukwa cha fumbi ndi utsi. Piyanoyo inali itayamba kulira ngati mwalowa njuchi, makamaka ukagunda manotsi apakati. Mnyamata wina wa kwaya anali atasuzumira kumbuyo n'kuona mng'alu, ndiye mbiri inali itawanda kale kuti piyano yatha, tiigulitse, tiwonjezere ndalama tigule kiyibodi.

Amisiri amene tinawaitana ndi bambo achikulire, imvi zili mbuu, amene anayamba kutchuna mapiyano ine ndisanabadwe. Kutsogolo sanatsegule n'komwe. Anazungulira kumbuyo, nagwada, n'kundipempha tochi ya foni ndi ulusi wosokera zovala. Kuseri kwa mizati ikuluikulu ya piyano yoimirira kuli thabwa lalikulu lopyapyala, lamtundu wa uchi, ndipo palimatidwa timitengo titalitali mopingasa ngati nthiti. Mng'alu unalipodi, wotalika ngati mkono wanga, kuwala kwa tochi kumadutsa. Iwo anangouyang'ana kamodzi. Kenaka anakunga ulusi uja motsatira nthiti yaitali kwambiri, nsonga zonse ziwiri zitakhudza thabwa, nati ndiwalitse pakatikati. Pakati pa ulusi ndi thabwa panali kampata koti n'kulowetsapo ndalama yachitsulo imodzi.

"Mwaona, aphwanga? Ikadali moyo iyi," anatero. "Mng'aluwu usakuopseni. Komanso sunabwere ndi dzuwali ayi. Unayamba nthawi ya mvula."

"Nthawi ya mvula bwanji, bambo, pamene matabwa amang'ambika akauma?"

Yankho la funso limenelo ndi lalitali, ndipo landitengera miyezi kuti ndilimvetse bwino. Ndikufuna kulifotokoza chifukwa mapiyano enieni mu Blantyre muno ndi owerengeka, ndipo ena amatayidwa akadali abwino pamene ena amagulidwa ndi ndalama zambiri atafa kale.

Piyano ili ndi makiyi 88, koma nsambo zake zimapitirira 220, poti manotsi ambiri ali ndi nsambo zitatuzitatu, a besi okha ndiwo ali ndi ziwiri kapena imodzi. Nsambo iliyonse imakungidwa ngati kuti mwaipachikira makilogalamu 70 mpaka 90. Mukawonkhetsa zimafika matani 18 kapena 20, kapena kuti matumba a chimanga 360 mpaka 400 a makilogalamu 50. Katundu ameneyu si wa thabwa lija. Amasenzedwa ndi chitsulo chachikulu chimene mumachiona mukatsegula piyano. Bartolomeo Cristofori atapanga mapiyano oyamba ku Florence cha m'ma 1700, chimango chinali cha mitengo yokhayokha, nsambo zili zowonda, mawu ali apansipansi. Mu 1825 Alpheus Babcock wa ku Boston analembetsa luso lopanga chimango cha chitsulo chosungunula chimodzi chathunthu, ndipo m'pamene zinatheka kukunga nsambo mwamphamvu chotere. Chitsulocho ndi cha mtundu wa mphika wa miyendo itatu: mukachikoka kapena kuchigwetsa chimathetheka, koma kuchifinya simungachithe. Ndiye nsambo zikukoka mbali ziwiri za chitsulo kuti zikumane, chitsulo chikufinyika n'kumakana. Mawu awiri amenewa, kukokeka ndi kufinyika, ndiwo mutu wa nkhani yonse.

Nsambo payokha ilibe mawu. Ndi yowonda kwambiri, imangodula mpweya osaukankha. Woimba bangwe amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mawaya ake amakhala pa thabwa, ndipo thabwalo amalilowetsa m'chitini kapena m'chipanda. Mu piyano ntchito imeneyi ndi ya thabwa lija, limene pa Chingerezi amati soundboard. Nsambo zimadutsa pa kamtengo kamene kamatidwa pa thabwa, kotchedwa mlatho, ndipo kunjenjemera kwa nsambo kumadzera pa mlathowo kulowa m'thabwa, thabwa n'kukankha mpweya wa m'chipinda chonse. Siliwonjezera mphamvu iliyonse. Limangosandutsa mphamvu ya nsambo kuti ikhale mawu omveka. Kuti lichite zimenezi liyenera kukhala lopepuka koma losapindika wamba, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito mtengo wa spruce, wa kumadera ozizira monga Alaska, Canada ndi mapiri a Alps. Amalumikiza matabwa ang'onoang'ono m'mbali mpaka likhale limodzi, lokhuthala mamilimita 8 mpaka 10 basi. Kampani yopanga mapiyano ya Steinway mu 1936 inalembetsa njira yolipala kuti likhale lokhuthala pakati n'kumapyapyala cha m'mphepete, mpaka mamilimita 6.

Tsono nsambo sidutsa pa mlatho mowongoka. Mlatho umatukulidwa pang'ono kuti nsambo iutsamire. Ganizirani chingwe choyanikapo zovala chimene amayi achitukula pakati ndi mtengo wa mphanda: chingwe chikukoka uku ndi uku, koma gawo lina la mphamvuyo likudinikiza mtengo uja pansi. Amisiri amati downbearing. Kupindika kwa nsambo pa mlatho n'kochepa zedi, pafupifupi digiri imodzi, ndipo nsambo ya makilogalamu 75 ikapindika chotero imadinikiza mlatho ndi kilogalamu imodzi ndi kachidutswa. Zikuoneka zochepa. Koma chulukitsani ndi nsambo 230, mupeza makilogalamu pafupifupi 300. Matumba asanu ndi limodzi a chimanga atsamira thabwa lopyapyala kuposa chala chanu chaching'ono, usana ndi usiku, kaya wina akuimba kaya tchalitchi n'chokhoma, kwa zaka makumimakumi.

Thabwa lafulati silingapirire zimenezo, lingabwafuke. Choncho amalipanga ndi linunda, kutukuka pang'ono pakati kulozera kumene kuli nsambo, kumene amisiri amati crown. Linundali ndi laling'ono moti ndi maso simungalione. Nthawi zambiri limafanana ndi kachigawo ka mkombero waukulu umene kuchoka pakati kufika m'mphepete ndi mamita 18, kutanthauza kuti pa mita imodzi thabwa limatukuka mamilimita 7 nsambo zisanaikidwe. Zikaikidwa limatsika, n'kutsala mamilimita ochepa. Kampata kaja ka pakati pa ulusi ndi thabwa kanali linunda lotsalalo, tikuliona chakumbuyo.

Kuti timve zimene zikuchitika m'kati mwa thabwa, tengani nzimbe muipinde pa bondo. Khungu la mbali yakunja limakokeka mpaka kung'ambika, la mbali ya kubondo limafinyika n'kuchita makwinya, ndipo pakatikati pali mzere umene sukukokeka kapena kufinyika. Chilichonse chopindika chimatero. Omanga nyumba amadziwa: pa lintala zitsulo zofunika kwambiri ndi za m'munsi, chifukwa khoma likatsamira pamwamba, m'munsi ndimo mumakokeka, ndipo konkire payokha sipirira kukokedwa. Thabwa la piyano ndi nthiti zake zimagwira ntchito ngati chinthu chimodzi. Nsambo zikadinikiza, thabwa limene lili mbali ya nsambo limafinyika, msana wa nthiti umene uli kutali ndi nsambo umakokeka.

Apa mpamene pali vuto la mtengo. Mtengo suli wofanana mbali zonse. Motsatira mitsempha yake ndi wolimba kwambiri ndipo sutalika kapena kufupika ndi chinyezi. Mopingasa ndi wofewa, ndipo umafufuma ndi kunyala. Kalipentala aliyense wa ku Ndirande kapena ku Chemusa angakuuzeni kuti chitseko chimathina m'mbali nthawi ya dzinja, osati m'litali. Spruce, mukamufinya motsatira mitsempha, amapirira makilogalamu pafupifupi 390 pa kamalo ka sentimita imodzi mbali zonse. Mukamufinya mopingasa, pa makilogalamu 40 okha timaselo take, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga mtengowo, timayamba kuphwanyika osabwereranso. Nthiti zimamatidwa mopingasa mitsempha ya thabwa kuti zililimbitse mbali yofookayo. Koma zikatero ndiye kuti thabwa, limene likufuna kufufuma ndi kunyala, lamatidwa ku mitengo imene siisuntha m'litali mwake. Ndipo kufinyika kumene nsambo zikubweretsa motsatira nthiti kukugwera thabwa mbali yake yofooka yomweyo.

Pali njira ziwiri zopangira linunda, ndipo kusiyana kwake n'kumene ine ndimakuona kofunika kwambiri kwa ife okhala kuno.

Njira yoyamba, yakale, imagwiritsa ntchito kufufuma kwa mtengo. Amaumitsa thabwa m'chipinda chotentha mpaka chinyezi chake chitsike kufika 4 kapena 5 peresenti, litanyala kwambiri. Lidakali louma choncho amamatapo nthiti zowongoka. Akalitulutsa, thabwa limayamba kumwa chinyezi cha mumpweya n'kufuna kutambasuka. Nthiti zimakana. Popeza mbali imodzi ikukula inayo ayi, chonsecho chimapindika, linunda n'kubadwa. Taonani tsono mmene mphamvu zakhalira nsambo zisanafike n'komwe. Thabwa lili lofinyika kale mopingasa. Mbali ya nthiti yomatidwa kuthabwa ikukokeka, ndipo msana wake ukufinyika pang'ono chifukwa yapindidwa mokakamiza. Nthitiyo inapangidwa yowongoka ndipo ikufuna kuwongokanso. Ndiye nsambo zikabwera kudzadinikiza, nthiti sizikuthandiza kutukula linunda, zikukokera mbali imodzi ndi nsambo. Chimene chikulimbana ndi zonsezi ndi timaselo ta thabwa tofufuma, tofinyika mbali yake yofooka ija, tili kale pafupi ndi malire a zimene tingapirire.

Njira yachiwiri imasema nthiti zokhota kale, zokulirapo msinkhu, ndipo thabwa saliumitsa kwambiri, mwina 6 kapena 7 peresenti. Apa nthiti ndizo zimasenza katundu ngati mitanda ya denga. Nsambo zikadinikiza, msana wa nthiti umakokeka motsatira mitsempha, kumene mtengo uli ndi mphamvu zake zonse, ndipo thabwa limafinyika pang'ono chabe. Mafakitale ambiri amaphatikiza njira ziwirizi, ena kupendekera uku ena uko. Sindingakane kuti mapiyano ambiri omveka mokoma kwambiri pa dziko lapansi anapangidwa mwa njira yoyamba. Thabwa lofinyika chotero limakhala lolimba koma lopepuka, ndipo likadali latsopano limayankha chala msanga. Koma limafuna nyumba imene chinyezi sichisinthasintha, ndipo nyumba zotero kuno n'zosowa.

Pali chiphunzitso china chimene ogulitsa amakonda, choti linunda limagwira ntchito ngati khomo lokhota la njerwa. Pitani ku Mishoni mukayang'ane tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri akuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891. Njerwa siipirira kukokedwa, ndiye makomo ake anawakhotetsa kuti kulemera konse kusanduke kufinyika, njerwa ikankhe inzake mpaka mphamvu ikathere m'makoma ndi m'nsanamira. Ena amati thabwa la piyano nalonso limakankha chimango chamtengo cha m'mphepete mwake, chimango n'kumaligwira kuti lisaphwe. Masamu akukana. Makomo a ku Mishoni ndi okhota kwambiri, pamene linunda la piyano ndi mamilimita 7 pa mita. Mukayeza thabwa lokhota chotero motsatira kukhotako, limaposa mzere wowongoka ndi mamilimita 0.13 okha, kuposa pang'ono kukhuthala kwa pepala limodzi. Chimango chitangofutuka ndi kachidutswa kameneko, kapena mtengo utangofinyika pang'ono, linunda lonse latha. Komanso thabwa limakhala kale ndi linunda lisanamatidwe m'piyano. Chimango chili ndi ntchito yake, yogwira m'mphepete molimba kuti kunjenjemera kubwerere m'thabwa kusatayike, koma linunda limakhala kapena kufa chifukwa cha zimene zikuchitika pakati pa thabwa ndi nthiti zake.

Tibwerere ku Blantyre. Mtengo umatsatira mpweya umene uli pamalopo. Chinyezi cha mumpweya chikakhala 40 peresenti kwa nthawi, mtengo umakhazikika pa 8 peresenti. Chikakhala 65, mtengo umafika 12. Chikakhala 80, monga zimakhalira kuno mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku, nsapato zikuchita nkhungu m'wadilopu, mtengo umalowera ku 16. Masana a mu Okutobala chinyezi chimatsika kwambiri, mtengo n'kubwerera cha ku 7 kapena 8. Pakati pake palinso chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimene chimanyowetsa mpweya masiku angapo n'kuchoka. Spruce wochekedwa mmene amachekera wa piyano amatambasuka milimita imodzi ndi theka pa mita iliyonse chinyezi chake chikakwera ndi peresenti imodzi. Ngakhale titati vanishi wachedwetsa, thabwa langosintha ndi 6 peresenti, ndiye kuti likufuna kukula ndi mamilimita 9 pa mita iliyonse. Kokulira kulibe. Nthiti zaligwira, chimango chalizinga, nsambo zalitsamira.

Poyamba linunda limakwera, mlatho n'kukankha nsambo, ndipo piyano imakwera mawu, makamaka manotsi apakati, chifukwa mlatho wake umadutsa pakati pa thabwa pamene pamatukuka kwambiri. Oimba a kwaya amadandaula kuti piyano yasokonekera, ndipo akunena zoona. Koma kufufuma kukapitirira malire aja, timaselo timaphwanyika. Nthawi zina mumaona timizere totukuka pa thabwa, kawirikawiri pamene matabwa awiri analumikizana, ndipo mukapitapo ndi chala timamveka. Pamenepo mtengo wafinyika mosabwerera. N'chimodzimodzi ndi mpini wa hamala umene wakhwepa: mukauviika m'madzi umathina tsiku limenelo, koma ukauma umakhwepa kuposa kale, chifukwa unafufuma m'kati mwa chitsulo chosasuntha n'kudziphwanya wokha.

Dzuwa likabwera, thabwa limanyala. Koma tsopano ndi lochepa kuposa mmene linalili, poti gawo lina linaphwanyika. Nthiti zikuligwirabe pa muyeso wakale. Thabwa limene linali lofinyika layamba kukokeka mopingasa, ndipo kukokedwa mopingasa mtengo sumapirira n'komwe, n'chifukwa chake nkhuni timawaza motsatira mitsempha. Limang'ambika pa timizere tomwe tija. Izi n'zimene bambo aja ankatanthauza: dzuwa la mu Okutobala linangotsegula bala limene mvula ya mu Febuluwale inapanga.

Chimene chimandipweteka mtima n'choti anthu amaopa chinthu cholakwika. Mng'alu pawokha suchotsa mawu ambiri. Kunjenjemera kumayenda kudzera m'mlatho ndi m'nthiti, ndipo zimenezi zimalumpha mng'aluwo bwinobwino. Choopsa ndi kutha kwa kulimba kwa thabwa. Chaka ndi chaka kufinyika kuja kukamaphwanya timaselo, thabwa lopangidwa mwa njira yoyamba limataya chimene chinkalitukula. Linunda limaphwa, nthawi zina mpaka kubwafukira mbali inayo pafupi ndi mlatho. Thabwa lofooka limalanda mphamvu ya nsambo yonse nthawi imodzi, ndiye notsi imangoti pha! n'kuzimirira pomwepo, m'malo moti iyimbe n'kumatsika pang'onopang'ono. Izi zimayamba kumveka cha kudzanja lamanja, okitevu (gulu la makiyi 12 otsatizana) yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi kuchokera kumanzere, pamene nyimbo zambiri zimayendera. Piyano yotero ikhoza kukhala yopanda mng'alu ngakhale umodzi, yonyezimira kunja, koma kutchuna sikungaibwezeretse. Mankhwala ake ndi thabwa latsopano, ntchito yofuna kuchotsa nsambo zonse ndi chitsulo chomwe, imene mtengo wake umaposa wa piyano yoimirira yambiri.

Ndiye munthu akakuitanani kuti mukaone piyano yogulitsa ku Namiwawa kapena ku Limbe, tengani ulusi ndi tochi. Kungani ulusi kumbuyo motsatira nthiti zingapo, zazitali ndi zazifupi zomwe. Pa zazitali payenera kuoneka kampata, pa zazifupi ngakhale kochepetsetsa. Ulusi ukagona pa thabwa ponseponse, kapena thabwa likaukankha pakati, samalani. Kenaka gundani notsi imodzi ya kudzanja lamanja, gwirani kiyi, mvetserani kuti ikhala nthawi yaitali bwanji, muyerekeze ndi zoyandikana nazo. Ndipo musanyoze piyano imene thabwa lake ndi la magawo atatu omatidwa mopingasana ngati pulayiwudi. Akatswiri ena amalipeputsa, koma silifufuma kwambiri ndipo siling'ambika wamba. Kwa sukulu kapena tchalitchi cha malata chopanda siling'i, ine ndingasankhe limenelo.

Njuchi za m'piyano yathu zija sizinali za mng'alu. Bambo aja anandiuza kuti ndizigunda notsi yovutayo mobwerezabwereza, iwo akudinikiza nthiti imodziimodzi ndi chala chachikulu. Atafika pa yachinayi kuchoka pansi, phokoso linati zii. Anachotsa chala, linabwerera. Nthitiyo inali itamatuka pafupi ndi mng'alu, malo otalika ngati chikhatho. Mapiyano akale anamatidwa ndi guluu wa zikopa, amene amafewa ndi chinyezi, ndipo pa mzere wa guluu umenewo ndi pamene thabwa lofuna kukula ndi nthiti yokana zimakokanirana. Analowetsa guluu ndi kampeni kopyapyala, napana ndi timitengo totsamira ku mizati ya kumbuyo, nati tisaigwire mpaka mawa lake. Mng'alu anausiya. Anati akhoza kuutseka ndi kachipapati ka mtengo, koma mvula ikabwera thabwa lidzafufumanso, kachipapatiko kadzawonjezera kuthina, ndipo chaka chinacho mng'alu wina ukhoza kutulukira pambali pake.

Chimene analimbikira kwambiri ndi malo. Piyano yathu inali itatsamira khoma lakunja, pansi pa zenera la magalasi opendeka amene satsekeka bwino, mbali imene mvula imawombera. Anati tiisamutsire ku khoma la m'kati, tisiye mpata wa chikhatho kumbuyo, tisakolope ndi madzi ambiri pansi pake, ndipo tiziifunditsa ikatha ntchito. Anakana zoika beseni la madzi m'kati, zimene ena amachita atamva kuti kuuma kumang'amba matabwa. Kwathu kuno mdani wamkulu ndi chinyezi chochuluka, ndipo madziwo amangochititsa dzimbiri nsambo. Kuli timagetsi tofunditsa pang'ono toika m'kati mwa piyano, monga ta Dampp-Chaser, timene timasunga chinyezi cha m'katimo kuti chisatalikire 45 peresenti, ndipo anati mpingo ukapeza ndalama tidzagule kokhala ndi choyezera chozimitsa chokha, kuti mu Okutobala kasamaumitsenso thabwa louma kale. Za kutchuna anati tisamathamangire sabata yoyamba ya mvula, thabwa likadasuntha. Tizidikira nyengo ikhazikike.

Kumapeto kwa Januwale, kwaya itaweruka, ndinazungulira kumbuyo ndi tochi ndi ulusi womwe uja. Mng'alu unali utatsekeka moti pepala silinalowe, pangotsala kamzere kakuda. Kampata ka pa ulusi kanali katakula pang'ono, ndipo manotsi apakati anali atakwera kuposa a besi. Ndinawaimbira foni bambo aja kuwafotokozera. Anafunsa ngati njuchi zabwerera, ndinati ayi. Anati ndipitepo ndi chala pa thabwa lonse, ndiike chizindikiro cha choko paliponse pamene ndamva kamzere kotukuka, iwo adzabwera mu Meyi kudzaona. Ndinapeza malo awiri.